Chikopa cha Kambuku pa Mwami

"Mayi, kudutsa ndi chikopa cha kambuku ndi mlandu wa ndende," anatero ofisala wa pachipata cha m'malire cha Mwami, akutseka chitseko.

Thandiwe, wojambula zithunzi wa ku Lilongwe, anayang'ana chikopa chake chili m'manja mwa ofisalayo. Chikopacho anachigula ku mwambo wa Angoni wa Ncwala, kwa bambo wina amene analumbira kuti kambukuyo anaphedwa ndi agogo ake.

"Bwana, chonde, basi ikundisiya! Kamera yanga ili momwemo."

"Khalani pansi."

Ofisalayo anazula ubweya pang'ono n'kuuyatsa ndi machesi. Ubweyawo unasungunuka, chipinda chonse n'kununkha jumbo yopsa.

"Pulasitiki iyi. Anakupusitsani, mayi. Thamangirani basi yanu."

Thandiwe anatuluka, mumtima akupempha Mulungu kuti adalitse tambwali wogulitsa chikopa uja.