Wakhudza Zitsulo za Tiya Ndani?

Tiya anakhala patebulo la m'khitchini foni ili m'manja, tiyi atazizira kalekale. Chilei chake chinali chitatsamira khoma pafupi ndi firiji. Anzake onse anali kukampu ku Norway, iye ali kwawo ku Bolton kumvera mvula. Anamubweza, abale inu! Kutangotsala pang'ono kuti asankhe opita kumpikisano waukulu.

Masewero akewo amati sikeletoni. Munthu amathamanga akukankha kachilei pa ayezi, kenako n'kudzigwetserapo chafufumimba, mutu kutsogolo, chibwano chikungotsala pang'ono kupala pansi. Liwiro lake kuposa galimoto, mabuleki palibe. Makochi anamuona Tiya akuthamanga ku Manchester n'kuti miyendo imeneyi ndi yathu. Chilimwe chonse anachithera mujimu ku Salford, kukazizira n'kumakabindikira kumayiko achisanu, mapewa ali mikwingwirima yokhayokha.

Tsono nkhani yagona pazitsulo ziwiri zimene chilei chimatererapo. Aliyense amakhala ndi zophunzirira, ndi zina zosungira mpikisano. Zampikisanozo Tiya anazipala yekha ndi sandipepa patebulo lomwelo asananyamuke, mpaka kumadzionerapo nkhope, n'kuzikulunga m'chitenje chakale. Lamulo la masewerowa ndi louma gwa: osapakapo kanthu. Ngakhale thukuta la chala chako upukute. Ndiye patsiku la mpikisano woyeserera, oyang'anira anapititsapo kansalu koyera, kansalu n'kutuluka kali noninoni. Ati wapaka zoti aziterera kuposa anzake. Ati longedza.

Wachita ndani? Funso limenelo silinamuvute Tiya. Shirley, mtsikana wa ku Leeds amene ankagona naye chipinda chimodzi. Opita kumpikisano ndi awiri okha, ndipo Shirley nthawi zonse ankathera pachitatu, kumbuyo kwenikweni kwa Tiya. Tsiku lina Tiya akuchokera kokaongoletsa msana anamupeza atagwada pambali pa bedi lake, ati akufuna chaja. Chaja pansi pa bedi la mwini? Pomwe panali chitenje chija? Komanso mtsikanayo zala zake siziuma, kachitini ka mafuta apamilomo sikachoka m'thumba.

Kochi Rowland anati Tiya alembe zonse zimene akudziwa komiti yoweruza nkhaniyi isanakhale madzulo a tsikuli. Koma anamuchenjeza kuti asatchule munthu ngati sanaone ndi maso, chifukwa wotchulidwayo naye amuimitsa, kaya mpaka sizoni kutha.

Tiya analemba dzinalo. Anafufuta. Analembanso. Chinkamuwawa n'choti tsiku limene anagubuduzika pakona n'kung'ambika chibwano, anamuthamangira ndi Shirley yemweyo, n'kumugwira mutu uku akulira ngati wavulala ndi iye. Koma aaa, anthu amalira ndi maso, mtima uli kwina.

Chitseko chinagubuduka. Analowa mayi ake, a Agatha, akuchokera kuntchito yosamalira okalamba, yunifomu ili chonyowa. Iwowa zamalamulo a masewero sazitsata, amangoti "zotsetsereka zakozo". Tiya anali atangowauza kuti wina wamuipitsira chilei, basi.

"Ukulirabe? Wadya koma?"

"Mami, ndikamutchula Shirley zake zathera pomwepo. Ndikapanda kumutchula zathera zanga."

"Nanga ukudikira chiyani? Iye pokuchita chipongwe anakufunsa? Nsanje sainyengerera, mwanawe."

"Koma sindinamuone."

"Mfiti amaiona? Ine ndinanena kale. Munthu kumatsika chamutu ngati ukugwera m'chitsime, pakati pa anthu osawadziwa mtima, adani angalephere?"

Anaika chikwama patebulo, n'kutulutsa kabotolo kamene anakatenga kwa abusa kutchalitchi, n'kumudontheza pachipumi monga achitira masiku onse, pakamwa pakuyenda pemphero.

Tiya anayang'ana chilei chija. Anakumbukira m'mawa uliwonse wamdima pokwerera basi. Anakumbukira mmene ankagonera pachileicho pakati pa balaza, maso ali chitsinzinire, akuloweza makona a njira ndi mapewa, azakhali akutchalitchi akunong'onezana kuti mwana wa a Agatha mutu wayamba. Zonsezo zipite chifukwa cha kachitini ka mafuta apamilomo?

Anadina. Uthenga unapita, dzina la Shirley lili momwemo.

Pasanapite nthawi foni inalira. Kochi Rowland. Ati alandira, ndipo Shirley amuuza kuti asakwere chilei mpaka afufuze. Tiya ankayesa kuti mtima ukhala pansi, koma ayi. Anatenga chitenje chija, n'kuchiyala patebulo, n'kuyamba kumasula kuti azipalenso zitsulozo, manja apeze chochita.

Mayi ake anasuzumira ali ndi ketulo m'manja, n'kumwetulira.

"Zimenezo usade nazo nkhawa, palibe mdani angazithe. Tsiku unkanyamuka lija, uli kubafa, ndinazidzoza ndekha mafuta a abusa, zonse ziwiri, kuyambira kumutu mpaka kumchira." Anatsegula kabotolo kaja. "Bwera nazo kuno ndiwonjezere."