Macheka Pakati pa Tebulo

Macheka anali atalowa kale mpaka pakati pa tebulo pamene mwini golosale anatulukira pakhonde. Mwana wake wamkazi ankacheka, mlongo wake atakhalira mbali inayo kuti tebulolo lisagwedere. Mazira owiritsa amene anawo ankagulitsa anali pansi, m'mbale ziwiri.

"Ana inu! Mwapenga?"

"Kampani yatha, Ababa," anatero mtsikanayo, osasiya kucheka. "Uyu amadya katundu."

"Ndimangolawa!" anakuwa mnyamatayo.

"Ndipo munatiphunzitsa nokha kuti anthu akasiyana pa bizinesi, agawane chilichonse pakati ndi pakati," anapitiriza mtsikanayo.

Bamboyo anagwira mutu. Tebulo limeneli ndi limene iye anayambirapo, akugulitsa sopo woduladula, asanakwere ndege, asanaone misika imene munthu amayenda mpaka nsapato kutha osaimaliza. Anakanganapo mitengo ndi akatakwe a malonda a mitundu yonse, onsewo n'kugwada. Lero utuchi wa tebulo lake unali kugwera pamapazi ake.

"Tebulo la miyendo iwiri munaliona kuti? Ndinakupatsani kuti muyambirepo, osati muwaze nkhuni! Bweretsa kuno machekawo!"

Mtsikanayo anasiya kucheka. Anapukuta thukuta, n'kuyang'anitsitsa mmene dzanja la bambo ake linkasisitira mng'aluwo.

"Mukulifuna kwambiri eti, Ababa?" anafunsa mofatsa. "Theka langali ndikhoza kukugulitsani. Koma muchite changu, Amayi afunsa kale mtengo."