Waya wa ba Blackson

Akamwini anga, ba Moven, analembanso pasiwedi. Kompyuta inatseguka, kenaka inathimanso. Kasitomala wawo woyamba anayamba kuyang'ana kukhomo.

"Ni vailasi, amai," anandiuza, ngati ndawafunsa.

Kuseri kwa khoma makina owotcherera zitsulo analira, babu lathu n'kuphethira. Apo m'pamene ba Moven anazindikira. Anakonza tayi, natuluka kuti komboni yonse ya Kalingalinga iwamve.

"Imwe ba Blackson, zimyani vimakina vanu! Muononga kompyuta yanga."

Ba Blackson anavula magalasi akuda. Anayang'ana waya wa magetsi wochoka m'shopu mwawo kulowa pawindo lathu, womwe ndinachita kuwapempha ine chogwada. Anauzula, n'kupitiriza kuwotcherera geti.

Ndinapita kukasaka kandulo. A tayi aja ndinawasiya panja, ali chilili.