Jombo za M'khosi

Mzere unali utafika kale pakhomo la holo ya sukulu pamene wogulitsa nyama analowa ndi mkazi wake. Anali munthu wamtali, wa mapewa ngati chitseko, ndipo padzanja lake lamanzere panali chipsera chachitali. Chikwama chobiriwira cha asilikali anachikumbatira ngati mwana wodwala. Jombo zakuda anazikoleka m'khosi ndi zingwe zake, ndipo pachifuwa chachikulucho zinkaoneka ngati zidole.

Mkazi wake, telala, anali wamfupi ndi wochepa thupi. Tepi yoyezera nsalu inali ikadali m'khosi mwake. Zinkaonekeratu kuti wachoka pamakina mothamanga.

Muholomo munali matebulo awiri. Lakumanja linali la asilikali akale amene boma linawaitananso ndi makalata. Lakumanzere linali la anthu wamba odzipereka okha. Pakati pake, pampando wa mphunzitsi, kaputeni wokalamba wa mkono umodzi ankawodzera, chipewa chili pabondo.

Kalata inafika kunyumba kwa awiriwa Lolemba, ndipo kuyambira tsiku limenelo oyandikana nawo anamva zonse: zitseko zikumenyetsedwa, mbale zikugwa, mawu akukwera. Ana analipo atatu, wamng'ono wodwala mphumu. Malole onyamula asilikali ankanyamuka Loweruka, ndipo tsiku lobwerera palibe ankalitchula.

Anaima pamzere wakumanja. Telala anatsamira khoma, maso ake akuyenda pazitseko ndi mawindo, limodzi ndi limodzi. Kenako anagwira lamba wa chikwama chija n'kukoka.

"Bweretsani kuno chikwamachi."

"Sindibweretsa," anatero mwamunayo.

"Bambo a ana, musandichititse manyazi pagulu. Inu simupita kulikonse."

"Ndilembetsa ine. Muona."

Anthu anaseka. Mkulu wina wadazi amene anali patsogolo pawo, mendulo ziwiri zili pamalaya, anatembenuka.

"Alamu, msiyeni mwamuna akagwire ntchito. Kapena mukufuna mumusokerere m'thumba la diresi?"

Telala sanamve bwino. Anatembenuza mutu n'kumupatsa khutu lakumanja, popeza lakumanzere linafa kalekale. Wadaziyo anabwereza mawu ake mokweza, anthu n'kusekanso. Mayiyo anangoyang'ana pansi, pamapazi a mkuluyo.

"Mendulo muli nazo, achimwene, koma zingwe za nsapato mwamanga ngati mwana wa sukulu. Mukathamanga masitepe khumi mugwa chafufumimba."

Wadaziyo anawerama n'kuyamba kumanganso. Sanatembenukenso.

Mzere unkayenda pang'onopang'ono. Patebulo lakumanzere panali woyendetsa basi, aphunzitsi awiri ndi mayi wina wogulitsa masamba amene ankakana kuchoka ngakhale anauzidwa kuti zaka zake zapyola. Muholomo munkatentha. Wogulitsa nyama anatuluka thukuta mpaka malaya kumata pamsana, koma chikwama sanachiike pansi. Telala naye lamba uja sanamusiye. Anayenda choncho, wina akukoka uku wina uku, mpaka anafika patebulo.

Kalaliki, msilikali wachinyamata wa yunifolomu yatsopano, ataona chipsera, jombo ndi mapewa aja, anaimirira.

"Takulandirani, akuluakulu. Dziko likufuna anthu ngati inu. Nambala yanu?"

Wogulitsa nyama anatsegula pakamwa n'kutsekanso. Telala ndiye anatchula nambalayo, manambala asanu ndi imodzi, mwachangu, osapumira.

"Mkazi ndi ameneyu," anang'ung'udza wina kumbuyo. "Nambala ya mwamuna ili pamtima."

Kalaliki anayamba kutsitsa chala pamndandanda. Apo wogulitsa nyama anamenya tebulo ndi chikhatho, cholembera n'kugwa pansi.

"Lembani ine! Mphamvu ndili nazo, ng'ombe ndimagwetsa ndekha. M'nyumba mwanga wopita ndine, palibenso wina."

"Musamumvere," anatero telala, mawu ake osakwera n'komwe. "Munthu uyu tayala likaphulika mumsewu amabisala kuseri kwa firiji."

Holo yonse inafa ndi phwete. Ena ankapukusa mitu, akuti mkazi wotere n'ngonyoza, angamuchotsere bwanji ulemu msilikali pamaso pa anzake. Mwamunayo sanaseke. Maso ake anali atafiira.

Chala cha kalaliki chinaima. Anawerenga dzina, anayang'ana mwamunayo, n'kuwerenganso. Asanalankhule, mpando wa mphunzitsi unakhuluka pasimenti. Kaputeni anali atadzuka. Anavala chipewa, anaima njo, dzanja lake limodzi lija n'kufika pachipumi.

"Sajeni," anatero akuyang'ana telala. "Nambala imeneyo ndingaidziwe ngakhale ndili m'bokosi. Munandibereka pamsana tsiku lonse, mkono uwu utatsala m'tchire."

Telala anabweza sailuti. Anachotsa jombo m'khosi mwa mwamuna wake n'kumukoleka tepi ija, anavula masilipasi, ndipo mapazi ake analowa m'jombomo ndendende.

"Wamng'ono uja azimwa mankhwala akadya," anatero akumanga zingwe. "Makina anga musabwereketse munthu."