Jekete la a Kachingwe

Minibasi za masiku ano zilibe dalaivala. Zili ndi diso lagalasi lomwe limaona munthu woimirira yekha. Wokhala pansi limamuyesa katundu. A Kachingwe amayendera njinga ya olumala, ndipo Lachiwiri lililonse amayenera kukatsukitsa magazi kuchipatala cha kutauni chifukwa cha matenda a impso. Akajomba, miyendo imatupa, mpweya n'kuyamba kubanika.

Akazi awo, Anachisale, anamangirira nsungwi kumbuyo kwa njingayo, n'kuiveka jekete la pa ukwati wawo ndi chipewa. Minibasi zinayamba kuima. Lolemba lililonse ankasita jeketelo, ndipo ana anazolowera kulipatsa moni.

"Ine simunandisitirepo chonchi," anatero a Kachingwe.

"Limeneli ndiye likutikweza, bambo. Inu mumangodandaula."

Lachiwiri loyamba la Ogasiti minibasi inaima, chitseko chinatseguka, ndipo mawu a m'katimo anati, "Mwadzuka bwanji, a Kachingwe? Kuyambira lero katundu sakukwera. Musiye zomwe mukukankhazo."

"Kachingwe ndine, pansi pano!" anakuwa bambowo.

Diso silinatsike. Linkayang'anabe chipewa.

Anachisale anamasula nsungwi ija n'kuitsamiritsa m'kati mwa khomo kuti makinawo aone kuti m'jeketemo mulibe munthu.

"Zikomo, bambo, khalani bwino," anatero mawu aja. Chitseko chinatsekeka, minibasi n'kunyamuka ndi jekete lija, kuwasiya a Kachingwe pamsewu.

Masana foni inalira. Chipatala chinkathokoza a Kachingwe pofika nthawi yabwino, ndipo chinati magazi awo atsukidwa bwinobwino. Anachisale anagwada, n'kuyamba kuwamasula zingwe za nsapato, zomwe zinali zitayamba kale kuthina.