Bizwick Sanalowe Pansi pa Boti

Panali munthu wina pa esiteti ina ya tiyi ku Thyolo, dzina lake Bizwick. Amene akumudziwa akuti izi zinachitikadi.

Bizwick anali mlonda wa padamu la esitetiyo. Ali mnyamata anakakhalako ku Beira, ndipo chibwerere ankauza aliyense kuti kumeneko ankagwira ntchito m'sitima zapanyanja. Zoona zake n'zakuti ankagulitsa makala pamsika, ndipo madzi ankawaopa koopsa. Ankadziwa izi ndi mkazi wake yekha, Victoria.

Padamupo panali boti lamatabwa loyendera thanga, lokwezamo alendo. Linakhala pa nangula pakati pa damu dzinja lonse mpaka kunsi kwake kunamera ndere. Tsiku la chisangalalo cha ana a antchito litayandikira, manejala, mayi Hazel, anafuna kuti anawo adzakwere botilo. Anamuitanitsa Bizwick.

"A Bizwick, inu zapamadzi mumazidziwa. Mulowe pansi pa botili, mupale ndere zonse, muonenso ngati matabwa akadali olimba. Kapena tiitane anthu alikokere kumtunda?"

"Kumtunda kukatani, bwana? Kantchito aka? Ku Beira tinkapala sitima zazitali ngati fakitale yathuyi."

Bizwick atafika kunyumba n'kufotokoza, Victoria anasiya zimene ankachita.

"Abambo a Faith, inu ngakhale kamtsinje kolekeza m'mawondo mumawoloka mutandigwira chitenje. Pitani mukawauze zoona."

"Ndikanene kuti zaka zonsezi ndimanama? Andiseka mpaka ku Bvumbwe."

"Akusekani sabata imodzi, kenako aiwala. Koma mubotimo mukwera ana."

"Boti lija ndi lolimba, ndimaliona tsiku ndi tsiku. Iwe zisiye."

M'mawa mwake kuli chifunga, Bizwick anapalasa kabwato kakang'ono mpaka pabotipo. Anagwada m'kabwatomo n'kukwecha m'mbali mwa boti ndi burashi, polekeza mkono wake basi. Pansi sanafikepo. Atamaliza anatunga madzi ndi ndowa, n'kudzithira thupi lonse, n'kupita ku ofesi madzi ali chuchuchu.

"Ndapala konse, bwana. Matabwa ali gwa, palibe ndi mng'alu womwe."

Mayi Hazel anamuyamikira pamaso pa akapitawo onse.

Tsikulo litafika, anthu anadzaza m'mphepete mwa damu. Victoria anafuna kuletsa mwana wawo Faith kukwera, koma Bizwick anamuyang'ana ndi diso loipa.

"Mwana wa amene anakonza boti akane kukwera? Anthu aziti chiyani?"

Faith anakwera pamodzi ndi anzake, woyendetsa ali a Amosi, dalaivala wa pa esitetipo. Mphepo inagwira thanga, ana akuimba. Atafika pakatikati, thabwa lina lakunsi, lomwe linali litawola pansi pa ndere zija, linabooka. Madzi anayamba kulowa mwamphamvu, boti n'kupendekeka.

Kumtunda kunabuka chimkuwo.

"A Bizwick, lowani! Inu ndi amene mumatha! Lowani msanga!"

Bizwick anathamanga n'kulowa m'madzi. Madzi atangomufika m'mawondo, analephera kupitirira. Ankamuona Faith atakakamira chingwe cha thanga, akukuwa, "Ababa! Ababa!" Iye anangoima pomwepo, anthu akumukankha kumsana.

Anyamata awiri othyola tiyi anamudutsa n'kudziponya m'madzi, ena anapalasa kabwato kaja. A Amosi ankanyamula ana mmodzimmodzi n'kumapatsira anyamatawo. Onse anapulumuka, koma Faith anali atamwa madzi ambiri ndipo anathamangira naye kuchipatala.

Mayi Hazel anabwera pamalo pamene Bizwick anaima. Sanakalipe.

"A Bizwick, pansi paja munalowadi?"

Bizwick anayang'ana pansi.

"Sindinalowe, bwana. Kusambira sinditha."

Palibe anaseka. Mayi wina amene mwana wake anali m'botimo anangomuyang'ana n'kulavula pansi. Ntchito ya Bizwick inathera pomwepo.

Madzulo anapita kuchipatala. Victoria anali pambali pa bedi, ndipo sanatukule mutu. Faith anatsegula maso.

"Ababa, ndimakuitananitu. Simumandimva?"

Bizwick anafuna kunena kuti kunali phokoso. Bodzalo linafika pakamwa, koma analimeza.

"Ndimakumva, mwanangu."

Mwanayo anamuyang'ana kwa kanthawi, kenako anatembenukira kukhoma.

Phunziro: Ngati ntchito simuitha, nenani kuti simuitha. Manyazi a kunena zoona ndi aang'ono poyerekeza ndi manyazi a tsiku limene bodza lanu lidzaike moyo wa ena pachiswe, mwinanso wa mwana wanu yemwe. Ndipo wakunyumba akakuchenjezani, mverani, chifukwa ndi amene amakudziwani bwino. Musaisunge nokha nkhaniyi, atumizireni abale ndi anzanu a m'magulu anu.