Umphawi Wobwera pa Lole

"Ba Maud, nanga umphawi uli kuti?" anakuwa Pumulo, mkulu wojambulitsa filimu, manja ali kumutu.

Maud anayang'ana pakhomo pake monyadira. Atamva kuti nyumba yake ya m'komboni ya Kanyama idzaoneka m'filimu ya anyamata akuba, iye ndi anzake anasesa mpaka kumsewu, khonde n'kulipaka polishi wofiira.

"Tapyanga, bwana. Mufuna bantu bakatiseke pa TV?"

Pumulo anatuma lole kumayadi kwawo kuti ikatenge zinyalala zenizeni. Inabwera ndi mipando yothyoka, nsapato zakale, zigubu ndi matiresi ong'ambika, ndipo anthu ake anazimwaza mwaluso pabwalo ponse. Apo ndiye Kanyama anayamba kufanana ndi Kanyama wa m'mutu mwake. Atakhutira, onse anapita kukadya.

Pobwerera anapeza pabwalo pali mbee, popanda ngakhale chigubu chimodzi.

"Bakawalala!" analira Pumulo.

Maud anali atakhala pampando wa miyendo itatu, wachinayi uli njerwa, akuyesa nsapato.

"Ba Pumulo," anatero mwaulemu, "umphawi wanu ni wabwino maningi. Koma mawa mukabweretse saizi sikisi."